A Kamwendo ndi Galu Wosadziwa Dzuwa

A Filimoni Kamwendo anatisiya mwezi wa Juni, nthawi imene mzinda wa Lilongwe umadzuka utafunda nkhungu, ogulitsa kaunjika ku Msika wa Tsoka n'kumaoneka ngati akuyenda opanda miyendo. Anali kalipentala. Kwa zaka zoposa makumi awiri ine ndinkasoka pakhonde la sitolo ya nsalu ku Old Town, iwo akupala matabwa kuseri kwa sitolo yomweyo, pansi pa mtengo wa mango. Makina anga ndi sowo yawo zinazolowerana mwakuti china chikati zii, mwini wa chinacho ankasuzumira kuti aone chavuta n'chiyani. Tsopano ndatsala ndekha, ndipo ndaganiza zolemba za mkuluyu ndisanayambe kuiwala ngakhale katsokomoledwe kawo.

Anthu ambiri ankawadziwa ngati mdala wa agalu, uja woyenda pa njinga yakuda atamangirira sowo ndi waya kumbuyo. Ine ndikudziwa kuti nkhani yonse inagona pa galu mmodzi. Dzina lake anali Buluno, wa Mayi Gondwe a ku Area 12, ndipo galuyu anakula osalidziwa dzuwa. A Kamwendo anathera zaka zisanu ndi chimodzi zomaliza za moyo wawo akufuna chinthu chimodzi chokha, choti Buluno atuluke masana, agone pa kapinga dzuwa likumuwomba pamsana monga amachitira galu aliyense wa kumudzi.

Amene sanakhaleko kumayadi mwina sangamvetse. Kuseri kwa mipanda italiitali ija, m'nyumba zambiri galu amagulidwa ali kamwana n'kuikidwa m'khola la matabwa lopanda zenera. Amati galu akamaona anthu masana amawazolowera, amayamba kugwedezera mchira aliyense, ndiye wakuba akabwera amamulandira ngati mlendo. Choncho amamutsekera mumdima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litalowa, kuti pomutsegulira akhale atakwiyira dziko lonse. Makola amenewa amakhomedwa ndi akalipentala, ndipo kalelo panalibe wodziwa kuwakhoma kuposa a Kamwendo. M'makola awo simunkalowa mvula, simunkalowanso kuwala ngakhale pang'ono. A Kamwendo ankanyadira zimenezi, ndipo pansi pa denga la khola lililonse ankaotchapo chilembo cha K ndi msomali wamoto.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosunga kapensulo kuseri kwa khutu mpaka katafupika moti n'kusagwirika. Tiyi ankamwera m'chitini cha jamu ngakhale ndinawagulira kapu kawiri konse. Asanadule thabwa ankayamba alisisita, n'kulinunkhiza, n'kukuuza komwe mtengo wake unamera, kaya ku Dzalanyama kaya ku Dedza. Ndikukhulupirira kuti theka la zimenezi ankangopeka, koma ankapeka mokoma.

Akadya chamasana ankatsamira mtengo wa mango uja, maso atatseka pang'ono, n'kuyamba kulankhula ngati munthu amene ali pakati pa tulo ndi maso. Ankati aliyense amadziwa phokoso la Lilongwe, mahutala a minibasi ndi oitanira ku depoti, koma ndi ochepa amene anamvapo bata la kumayadi dzuwa lili paliwombo. Mabwana ali ku Capital Hill, ana ali kusukulu, misewu ili mbee, maluwa a jakaranda akungogwa okha. Ankati ukaimitsa njinga mu Area 10 nthawi imeneyo n'kutchera khutu, umamva kupuma. Kuseri kwa mpanda uwu kukupuma chinthu, kuseri kwa winawo kukupumanso chinthu, msewu wonse ukupuma mumdima pamene kunja kukuwala. Ine ndinkawauza kuti amenewo ndi matayala a njinga yawo akuphwa. Ankangomwetulira osatsegula maso.

M'zaka zomalizazo, wofuna khola la galu kwa a Kamwendo ankafunika kubwera ataumanga mtima. Ndikukumbuka bambo wina wa ku banki ku City Centre amene anaimika galimoto pafupi ndi khonde langa, injini osazimitsa.

"Madala, ndikufuna khola la galu. Laling'ono basi, lotseka mbali zonse."

"Galuyo ali kuti?"

"Ali kunyumba."

"Ndiye ine ndiyeze mphepo? Telala uyu mungamuuze kuti asoke suti ya munthu amene sanamuone?"

"Aaa madala, ndi galutu ameneyu, si bwana."

"N'chifukwa chake ndikufunsa ine. Bwana suti ikam'thina amabwera kudzatukwana. Galu akadandaule kwa ndani?"

Bamboyo anakoka chitseko cha galimoto mwaukali n'kukagula kwa akalipentala a ku Mchesi. Ambiri ankatero. Amene ankapirira, a Kamwendo ankapita nawo kunyumba, n'kuyeza galu kuchokera pamphuno mpaka kumchira, n'kuwonjezapo malo oti adzakulire, oti azitembenukira, ndi oti azidziwongolera akadzuka. Mbali imodzi ankaika waya m'malo mwa matabwa, ndipo mbali imeneyo inkayang'ana kum'mawa.

Poyezapo ankagwiritsa ntchito tepi yanga. Ankati yawo yachitsulo imaopsa agalu ndi kulira kwake. Apa m'pamene tinkayambanirana, chifukwa ine agalu sindigwirizana nawo, wina anandiluma ndili mwana ndipo chipsera chilipobe pakatumba. Tepi inkabwera ikununkha, nthawi zina ili ndi ubweya, ine n'kukayeza nayo chiuno cha mayi wa chikwati. Ndinawakalipira kangapo, ndinaibisapo m'thumba la zigamba, koma m'mawa mwake ndinkaipeza ili m'khosi mwawo. Pomaliza ndinagula ina, ndipo sanathokoze n'komwe.

Akalipentala anzawo ankati akuononga msika. Akazi awo, a Nabanda, anali ndi mlandu wawowawo. Tsiku lina atabweretsa chakudya anaima pakhonde langa n'kulankhula mokweza kuti mwini nkhani amve kuseriko. "Atelala, kaoneni kwathu. Zenera la kuchipinda lili ndi katoni chaka chachitatu chino, koma agalu a mabwana ali ndi mawindo oyang'ana kotulukira dzuwa. Mwina nanenso ndiyambe kuuwa." A Kamwendo anakhoma zeneralo Loweruka la sabata yomweyo, koma m'mawa wokha, chifukwa masana anali ndi ulendo wa ku Area 43.

Maulendo a Loweruka amenewa anali ofunafuna makola awo akale. Ankagogoda pageti, n'kupempha kuti aone khola, ndipo akapeza chilembo chawo pansi pa denga ankapempha kuti alikonze popanda kulipiritsa. Kwina ankawalandira, kwina ankawayesa kazitape wa akuba. Alonda ndi ogwira ntchito m'maluwa ndiwo ankawanong'oneza nyumba zomwe agalu ake akuvutika. Akapeza wa zilonda kapena wa mphere, ankauza mwini wake komwe kuli madokotala a ziweto, ndipo mwiniyo akachita ulesi ankamunyamula okha m'katoni pa njinga. Kukamveka za katemera wa chiwewe, ankalengeza geti ndi geti ngati uthenga wa ukwati.

Sankayenda okha pa ntchitoyi, ngakhale ankaoneka okha pamsewu. Bambo Hamidi, mmwenye wa sitolo ya zitsulo yoyandikana nafe, galu sangamukhudze ngakhale ndi ndodo, koma kachidutswa kalikonse ka waya kotsala podulira makasitomala ankakaponya m'kona n'kunena kuti ndi ka Kamwendo. Amayi ophika kumsika ankasunga mafupa m'jumbo. Ine, poti ndisadzitame, ndinkasoka timatumba ta zigamba toti agalu okalamba azigonera, ndipo ndinkawauza kuti asauze munthu.

Zonsezi zinayamba tsiku limodzi la mwezi wa Okutobala, ndipo ine ndinalipo. Mayi Gondwe anali kasitomala wanga, mayi wa kumpoto amene anagwira ntchito ku Capital Hill mpaka kupuma. Ndikukapereka makatani amene ndinawasokera, anandiuza kuti ndibwere ndi kalipentala chifukwa lata la khola la galu linali litadyeka ndipo mvula inali pafupi. Tinafika dzuwa lili pamutu. Kholalo linali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi, ndipo a Kamwendo analizindikira asanalikhudze. Analikhoma okha zaka ziwiri m'mbuyomo, bambo a panyumbapo akadali moyo, ndipo anawauza kuti ndi la kamwana ka galu.

Anazula misomali, n'kunyamula lata lija. Ine ndinali nditaima patali, mwendo umodzi utaloza kugeti, ndikudikira kuuwa. Sikunamveke kanthu. Nditasendera ndinaona galu wamkulu wofiirira atadzaza bokosi lonse, msana ukugunda pomwe panali denga, khosi litapindika chifukwa munalibe malo oimikira mutu. Mkati mwa chitseko munali mizere yakuya ya zikhadabo. Dzuwa litamugwera anatsinzina mwamphamvu n'kuyamba kunjenjemera. Kenako kunjenjemerako kunachepa. Pang'onopang'ono anakweza mphuno m'mwamba, maso ali chitsinzinire, n'kumanunkhiza kuwalako ngati akufuna kudziwa kuti n'chakudya chanji chimenechi. Fumbi linkayandama mozungulira mutu wake. Mbalame ina inkalira pa waya wa magetsi, ndipo khutu lake limodzi linatembenukira komweko.

Ntchito yosintha lata limodzi ndi ya kanthawi kochepa. A Kamwendo anaigwira masana onse. Anati misomali yasowa, pomwe ine ndinkaiona m'thumba la ovolosi yawo. Anati lata latsopano lapindika, n'kumaliwongola pomwe linali lowongoka kale. Anapempha madzi akumwa katatu. Nthawi yonseyo galu anali chikhalire m'bokosi lopanda denga, mphuno ili m'mwamba, ndipo pena anayasamula mpaka tinaona lilime lonse.

Mthunzi wa thanki utafika pakholapo, Mayi Gondwe anatuluka. A Kamwendo anavula chipewa.

"Mayi, galuyu mumulole azikhala panja masana. Ndimumangira mpanda wa waya pano, sapita kutali."

"Adada, inu mukagona ku Mchesi pakati pa anthu. Ine ndimagona ndekha m'nyumba muno. Akuba atalowa muno anawamenya abambo a kuno pamaso panga, ndipo sanakhalenso bwino mpaka anapita. Chichokereni iwo, palibe walumpha mpanda uwu, chifukwa cha galu ameneyu. Mukufuna mumusandutse mwanawankhosa?"

"Dzuwa silichotsa mano, mayi."

"Khomani lata, adada."

Anakhoma. Sindinaonepo munthu akukhoma misomali mofatsa chotero. Lata likutsika, mthunzi unayamba kuphimba mchira, kenako msana, ndipo galuyo anasuntha mutu kutsatira kachigawo ka kuwala kotsala mpaka kanatha. Pobwerera sanakwere njinga. Anaiguza kuchokera ku Area 12 mpaka ku Old Town, ine ndili pambali pawo, ndipo mawu okha amene ananena, tikuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, anali akuti amene anamutsekera galu uja si Mayi Gondwe, ndi iwowo a Kamwendo, kawiri konse.

Kuyambira pamenepo, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse linali la ku Area 12. Anthu awiriwa sanadane, n'zimene zinkandidabwitsa. Mayi Gondwe ankawapatsa mpando pakhonde la kukhitchini, tiyi ndi mbatata, n'kucheza za mvula ndi za kukwera kwa zinthu. Tiyi akatha a Kamwendo ankapempha, mayiwo ankakana, n'kutsanzikana mwaulemu. Patatha miyezi ingapo analola kuti khola likwezedwe ndi kutalikitsidwa kuti Buluno aziimirira bwino, koma zenera ayi. Chaka chotsatira kutatentha kwambiri, analola bowo limodzi lolowera mpweya, bola likhale pamwamba pomwe galu sangaone munthu.

Bowo limenelo linabala anzake. Ulendo uliwonse a Kamwendo ankanyamula choboolera chawo chopukusa ndi manja, ndipo tiyi akatha ankangodzuka n'kupita kuseri. Mayi Gondwe ankayang'ana kumbali ngati sakumva thabwa likulira. Bowo limodzi pamwezi, osapitirira, lalikulu ngati chala chachikulu. Ndinapita nawo kamodzi m'chaka chachinayi ndipo anandiuza kuti ndisuzumire pa mng'alu wa chitseko. Ndinachita mantha koma ndinasuzumira. Mumdimamo munali timadontho ta kuwala tambirimbiri, tina pansi, tina pakhoma, tina pamsana pa galu, ndipo iye anali atagona moti kadontho kamodzi kamugwere pamphuno penipeni. A Kamwendo anati dzuwa likamayenda timadonthoto timayendanso, ndipo Buluno amakwawa nato tsiku lonse kuchokera kukona ina kufika kukona ina. Kunena zoona, ndinamva chisoni chimene sindinayembekezere kumvera galu.

Ndinawafunsapo chifukwa chimene sankangoboola mabowo khumi tsiku limodzi, kapena kuiwala dala kutseka chitseko. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati mayi uja mantha ake ndi enieni, ndipo ukamubera chilolezo, mawa adzagula khola lina kwa munthu wina, lopanda bowo ngakhale limodzi. Chitseko chija, anatero, chiyenera kutsegulidwa ndi dzanja la mwini nyumba, apo ayi chidzatsekedwanso.

Chifuwa chinawayamba mvula ikutha. Anaonda, njinga inayamba kuwalemera, koma pansi pa mango sankajomba. Masana ena, atatsamira mtengo, anandiuza zimene analota. Akuti ankapala thabwa limodzi, ndipo akamapala linkangotalika, linadutsa pamwamba pa msika, pamwamba pa mtsinje, mpaka kukafika kumayadi. Ndiye agalu onse amene anawakhomerapo makola ankayenda pathabwapo mondondozana kubwera kuno, mwakachetechete, dzuwa likuwala, aliyense ndi chithunzithunzi chake pansi. Iwo ankawawerenga akamafika. Ndinafunsa ngati Buluno analipo. Anati anadzuka mzere usanathe.

Loweruka loyamba la Meyi anapita pa minibasi, choboolera chili m'jumbo. La Juni anali m'chipatala. Tinakawaika kwawo kupitirira Mitundu, ndipo Bambo Hamidi anatseka sitolo tsiku limenelo, chinthu chimene sindinachionepo pa maliro a munthu wakuseri kwa sitolo. Mumpwirikiti wa maliro palibe anaganiza zokauza Mayi Gondwe. Ineyo ndinayenera kutero, ndipo ndimadziimba mlandu.

Mayiwo anabwera okha kumapeto kwa Julayi, chakum'mawa, atavala juzi ndi mpango. Anandipatsa moni mwachangu n'kuzungulira kuseri kwa sitolo ndisanatsegule pakamwa. Nditawatsatira ndinawapeza ataima pansi pa mango, akuyang'ana uku ndi uku.

"Adada aja asamukira kuti? Miyezi iwiri osaoneka, tiyi ndimangomwa ndekha."

Ndinawauza. Anakhala pa chitsa chomwe chinali pomwepo. Kenako anayamba kulankhula, osayang'ana ine, akuyang'ana pomwe pankakhala tebulo lopalirapo matabwa.

Anati Loweruka loyamba la Julayi anadikira mpaka tiyi anazizira. Atapita kuseri anamva galu akulira motsitsa, kulira kumene sanakumvepo, ndipo anangopezeka atakoka loko n'kutsegula chitseko dzuwa likuswa mtengo. Anathawira pakhonde poganiza kuti atuluka ngati mphepo. Buluno sanatuluke. Anabwerera kukona n'kukhala pansi. Tsiku lotsatira chimodzimodzi, sabata yonse chimodzimodzi. Kukada amatuluka monga mwa nthawi zonse, kukacha amalowa yekha, chitseko chili chitsegukire. Galuyo wakalamba tsopano, kukamwa kwachita imvi, ndipo sakudziwa kuti masana nawonso ndi ake. Choncho iwo anayamba kutenga mpando m'mawa uliwonse n'kukhala pafupi ndi khola, osamuitana, akungoluka juzi.

"Ndiye dzulo," anatero, "anatulutsa mphuno. Kenako miyendo yakutsogolo, mpaka apa." Anagwira pachigongono chawo. "Anagona choncho, theka panja theka mkati, dzuwa lili pamutu pake, mpaka ndinamva akuliza mkonono. Ndimati ndidzawauze zimenezi. Ndakwera minibasi ziwiri kuti ndidzawauze."

Ndinangoti a Kamwendo amva, ngakhale sindikudziwa ngati akufa amamva nkhani za agalu. Tinalira tonse awiri, ine ndi mayi amene kwa zaka zambiri ndinkangodziwa muyezo wa makatani awo.

Pamalopo palibe walowapo mpaka lero. Tebulo anatenga ana awo, zida zinagawidwa kwa achibale, ndipo pansi patsala maenje anayi pomwe panazama miyendo ya tebulolo. Utuchi wa zaka zonse zija unalowerera m'dothi, moti ukaponda pamakhala pofewa, ndipo kukawaza mvula pamatuluka fungo la matabwa atsopano. Nthambi imene ankapachikapo jekete inasalala ndipo yatsala yopanda kanthu. Mango aja ayamba timaluwa, timagwa tokha pamalo pomwe palibe wosesa. Nthawi ya chakudya chamasana dzuwa limapyola m'masamba n'kudzagwa pakati pa maenje anayi aja, pamalo okwana munthu mmodzi kukhala pansi, ndipo limakhalapo mpaka mthunzi wa sitolo utafika. Mayi Gondwe amabwera Loweruka loyamba la mwezi, amakhala pa chitsa chija, n'kunena mokweza pomwe Buluno wafika. Ulendo wathawu anati kwatsala mchira wokha.